Masamba a kwa Mayi Bonaria

Anganile anatuluka kupolisi Lachiwiri masana atagonako usiku umodzi. Ndinamudikira panja ndi jekete lake m'manja, poti anamutenga Lolemba m'mawa atavala yunifomu yokha, akuthamangira basi. Atandiona sanalire. Anangolandira jeketelo n'kulikumbatira, osalivala.

"Akuti ndapha munthu, anti," anatero.

"Lowa m'galimoto. Zimenezo si zokambira pamsewu."

Ine ndine Mayankho, namwino wa kuwodi ya odwala mtima. Ndakhala mu Leicester muno, ku England, zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo nyumba yanga ku Spinney Hill inasanduka depoti kalekale. Aliyense wotsika ndege kuchokera kumudzi amayamba wagona m'chipinda changa chakumbuyo, ndipo ambiri amachoka osatsanzika n'komwe. Anganile, mtsikana wa ku Karonga, anali atakhala nane zaka ziwiri, ndipo ndi yekhayo amene ankatsuka bafa osauzidwa. Ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwapatsa chakudya, kenako kuthamangira basi ina.

Womwalirayo anali mayi Bonaria, a zaka 86, ochokera pachilumba cha Sardinia ku Italy. Anabwera kuno ali mtsikana kudzagwira ntchito m'fakitale yoluka masokosi, ndipo sanabwererenso. Lachinayi lina, masiku khumi ndi awiri m'mbuyomo, Anganile anawapatsa chakudya chamasana n'kuwasiya ali bwinobwino. Lachisanu m'mawa mpongozi wawo anawapeza ali pansi, atasanza, mtima ukugunda modumphadumpha. Pofika madzulo anali atamwalira kuchipatala.

"Anapeza digoxin m'magazi mwawo, wambiri," anatero Anganile, maso ali pamawondo. "Koma iwo sankamwa digoxin, anti. Palibe dokotala anawalemberapo."

Digoxin ndimamudziwa ngati mchere wa m'khitchini mwanga. Ndi kapiritsi koyera, kakang'ono. Kamawongola kagundidwe ka mtima, koma kakachuluka m'thupi kamauimitsa.

"Mwa anthu amene umawayendera, amamwa ndani?"

"Bambo Razak. Ndikachoka kwa iwo ndimapita kwa mayi Bonaria."

"Ndiye?"

"Awayeza magazi. Mulibe digoxin ngakhale pang'ono. Koma pa chart, pepala la mankhwala lija, ndinasaina ine tsiku lililonse kuti amwa."

Nkhani ya apolisi inali yakupsa kale: mapiritsi sanalowe mwa mwini wake, alowa mwa wina, ndipo pakati pa makomo awiriwo pamayenda munthu mmodzi yekha, mlendo wa pasipoti yachilendo. Loya anali atamuuza mosabisa kuti akamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, mwana wake wamkazi amene anamusiya ku Karonga ali mu Sitandade 2 adzamuonanso ali ndi ana akeake.

Ndinaimitsa galimoto pambali. "Tandiyang'ana. Unachita?"

"Ayi, anti. Ndinkawakonda."

"Kukonda sikuti ndi umboni. Apolisi akuti n'chifukwa chake unachita."

Apolisi anamuletsa kuyandikira mboni zonse. Ine sanandiletse, mwina chifukwa sankandidziwa.

* * *

Bambo Razak ankakhala misewu itatu kuchokera kwanga. Mwana wawo Nazia timakumana pamzere kubutchala, choncho ananditsegulira osafunsa zambiri. Bambowo anabadwira ku Limbe, anali ndi sitolo ku Balaka, ndipo Chichewa chawo chinaima pamene anachisiyira zaka pafupifupi makumi asanu zapitazo.

"Mayi nesi! Lowa, lowa, khala pansi. Kumudzi bwanji? Mvula wabwera?"

"Yabwera, bambo. Nanga thupi?"

"Thupi wakalamba, mtima wa mnyamata. Mtsikana wathu ali kuti? Atumiza wina, tiyi wake madzi okhaokha."

Zaka zonse zimene ndagwira kuwodi zinandiphunzitsa chinthu chimodzi: wokalamba akati wameza, uyang'ane pansi pa lilime. Ndatolapo mapiritsi m'mapilo, m'masilipasi, m'miphika ya maluwa, ngakhale m'kapu ya mano oikirira. Pamene tinkacheza maso anga ankayendayenda m'chipindamo. Anakaima pa kawailesi kakale kamene anakafungatira pamiyendo.

"Wailesiyi imalira?"

"Wafa kale. Ndimangosunga."

"Ndione."

Anaikaniza pang'ono, kenako anaisiya. Nditaigwedeza inalira ngati chisekese. Ndinatsegula potsekera mabatire ndi chikhadabo, ndipo Nazia anagwira pakamwa. Timapiritsi toyera tinali mbwee m'menemo, tina titasungunuka mbali imodzi chifukwa cha malovu.

"Baba!" anakuwa Nazia.

"Usakuwe, iwe," anatero mkuluyo. Anatembenukira kwa ine ngati kuti ine ndiye ndimvetse. "Piritsi uyu amachotsa njala, mayi nesi. Nazia aphika biriyani, ine ndingoyang'ana. Moyo wanji umenewo? Mtsikana uja wabwino, koma nthawi alibe. Akatembenuka kutsuka kapu, ine pthu, m'dzanja."

"Mukudziwa kuti wagona m'selo chifukwa cha pthu wanuyo?"

Nkhope yawo inagwa. Zinaoneka kuti Nazia ankawabisira. Sindinawanyengerere, ndinali nditakwiya.

Tinawerenga ndi maso okha, osakhudza. Analipo khumi ndi asanu ndi anayi. Nazia anabweretsa pepala limene Anganile ankasainapo: kuyambira tsiku limene anatsegula paketi kufika tsiku lomaliza limene anabwera, masiku anali khumi ndi asanu ndi anayi. Silinasowe ngakhale limodzi.

"Osagwira china chilichonse," ndinamuuza Nazia. "Imbira wapolisi uja anakusiyira nambala. Bambowa akaonanenso ndi dokotala wawo lero lomwe."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndapambana mpikisano. Chimwemwecho chinandithera pakona. Ngati mapiritsi onse anali m'wailesi, nanga mayi Bonaria anawapha n'chiyani?

* * *

Lachitatu m'mawa ndinakwera sitima ya ku Loughborough kukaonana ndi Charlotte, mpongozi wa malemuwo. Mwamuna wake, mwana yekhayo wa mayi Bonaria, anamwalira zaka zinayi zapitazo, n'kumusiyira apongozi oti aziwayendera Lachitatu ndi Lachisanu lililonse. Ndinkayembekeza kupeza mkazi wouma mtima. Ndinapeza munthu wotopa, wa zikope zotupa, amene anandiikira tiyi n'kuiwala kuthira madzi m'ketulo.

"Ndinangonena zimene ndinamva," anayamba ndisanafunse. "Sindinanene kuti anachita. Sindinanene zimenezo."

"Munamva chiyani?"

"Lachitatu lija ndinawauza amayi kuti malo apezeka kunyumba yosungirako okalamba, pafupi ndi kuno. Kusamuka Lolemba. Anali atagwa katatu chaka chino. Katatu. Ine ndimagwira ntchito. Sindikanatha."

"Anganile analipo?"

"Analipo. Anandikalipira m'khitchini. Anati ndikawachotsa pamunda wawo ndiye kuti ndawapha. Apolisi anandifunsa ngati ankawakonda mopitirira muyeso. Ndinati inde. Ndikanati chiyani?"

"Nanga mayiwo anati chiyani?"

Charlotte anayang'ana pawindo. "Palibe. Ndimaganiza kuti atukwana m'chilankhulo chawo, monga mwa masiku onse. Anangofunsa ngati kumeneko kuli munda. Ndinati kuli kapinga ndi mabenchi. Anati chabwino."

"Chabwino basi?"

"Basi."

Ndinamufunsa za Lachisanu m'mawa. Anafotokoza mwachiduleduledule, ngati akuwerenga mndandanda. Anawapeza pansi pafupi ndi bedi. Ankadziwabe anthu. Ankanena kuti nyali zonse zasanduka zachikasu, ndipo zimenezo ine sizinandidabwitse, ndi mmene digoxin amachitira akachuluka.

"Analibe belu loitanira thandizo?"

"Anali nalo. Lofiira, lovala m'khosi. Ndinalipeza m'dirowa, chingwe chitakulungidwa bwinobwino. Apolisi akuti wina anawavula."

"Masanziwo anali otani?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anthu amaiwala kuti ife anamwino timafunsa zimenezi tikudya.

"Obiriwira. Masamba okhaokha." Anapukusa mutu. "Ankadya udzu mayi aja. Pepani, koma ndi udzu. Zimene ife timazula n'kutaya, iwo ankaziwiritsa n'kuthira mafuta a olivi ndi mandimu. Mwamuna wanga ankati ali mwana ankachita manyazi, amayi ake atawerama m'mbali mwa msewu ndi kampeni, anzake akusukulu akudutsa."

"Apolisi munawauza za masambawo?"

"Anafunsa za mapiritsi."

Ndinaika kapu pansi. "Kiyi wa nyumba ali ndi ndani?"

"Shaheen, woyandikana nawo. Bwanji?"

Ndinamutsanzika n'kuthamangira sitima, ngakhale zimene zinkabwera m'mutu mwanga sindinkazifuna.

* * *

Nyumba ya mayi Bonaria inali kuno ku Leicester, pakati pa mdadada wa nyumba zogundana, yanjerwa zofiira ngati zinzake. Shaheen, mayi wonenepa wa mpango wapinki, anayamba kulankhula kiyi asanalowe pachitseko.

"Aa, anti Bonaria! Msewu wonse uno tinali odwala awo, ine ndikuuzeni. Khanda likamalira m'mimba, njere za fenelo m'madzi otentha, basi lagona. Apongozi anga chifuwa chinawakanirira nyengo yonse yozizira, kwa dokotala katatu, palibe. Anti anangobwera ndi masamba a malva, oterera aja, masiku anayi chifuwa chatha, ndipo apongozi anga sayamika munthu, koma anawatumizira masamusa mbale yodzaza. Ine ndinkawauza, anti, tsegulani chipatala, iwo n'kumati chipatala changa ndi ichi, kuloza kuseri. Samalani sitepe iyo, ndi yomwe inawagwetsa."

Tinatulukira kukhomo lakumbuyo. Munda wake unali wautali, wopapatiza, ndipo mzungu aliyense akanati ndi tchire. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndinaona nthawi yomweyo kuti chilichonse chili pamalo pake. Shaheen ankanditchulira. Uyu fenelo wakutchire, wa masamba ngati tsitsi. Ichi chikoriya, chowawa, chotsuka magazi. Uyo malva, amene nditafikisa tsamba lake anatereradi ngati therere. Mbewu zake akuti anabwera nazo kuchokera kumapiri a kwawo, atazimanga m'kampango, ulendo uliwonse umene anapitako kumaliro.

"Nanga awa?" ndinafunsa. M'mbali mwa khoma, padzuwa, panali masamba aakulu, otambalala, aubweya.

"Boraji ameneyo. Ndiwo yawo yapamtima. Amati ukadya mtima umasangalala."

Ndinagwada n'kugwira. Anandibaya ngati nkhwani wokhwima, ndipo nditafikisa ananunkhira ngati nkhaka. Ndinayang'ana tsinde lililonse. Panalibe pothyoledwa posachedwa.

Kumapeto kwa munda, pamthunzi wa kashedi, panali masamba ena. Kuwaona ndi maso unkati ndi omwewo: kukula kwake, mtundu wake, makwinya ake. Nditagwira, anali ofewa ngati bulangete la khanda. Ambiri anali odulidwa ndi mpeni mmunsi, mabala ake atada kale, timasamba tatsopano tikuphukira pakati. Kumbuyo kwake kunaima phesi louma la chaka chatha, lalitali kufika m'chiuno mwanga, tizikho ta njere tili ndondondo.

Duwa limeneli chithunzi chake chili pakhoma m'chipinda chimene timaphunzitsira anamwino atsopano. Azungu amalitcha foxglove, limatulutsa maluwa ofiirira onga timabelu. Digoxin amachokera ku mtundu wa chomera chimenechi, ndipo makina a kuchipatala akamayeza magazi sasiyanitsa bwino piritsi ndi tsamba. Lisanachite maluwa, limanamiza ngakhale anthu odziwa.

"Lachinayi lija munali pakhomo?" ndinafunsa.

"Ndinkayanika zovala, cha m'ma thwelofu. Ndinawaona onse awiri. Anti atakhala pampando pakhomo apo, ndodo m'manja, mtsikana uja ali ndi beseni. Anayamba kupita kukhoma kumene amathyola masiku onse, anti akuti ayi, ayi, uko, akuloza kukashedi. Ine mpaka ndinaseka, chifukwa mtsikanayo anavala magolovesi abuluu aja a kuntchito, pamene anti ankadana nawo koopsa, ankati munthu wovala zimenezo ali ngati wakhungu. Kenako anawaikira beseni pamiyendo, iwo n'kumasankha tsamba limodzilimodzi, kuchotsa tinkhono, ngati kale."

"Iwo anavala magolovesi?"

"Anti? Manja awo enieni."

"Maso awo ankaona bwino?"

"Maso ndiye anali atayamba kuchita nkhungu."

"Ndiye kuti akanatha kusokoneza. Kuona awa n'kumayesa boraji."

Shaheen anayang'ana masamba odulidwawo, n'kuyang'ana ine. Atayambanso kulankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Chaka chatha ndinkafuna masamba oti ndikazinge ndi ufa wa nchana. Ndinapisa dzanja pampanda, pomwepa. Anakuwa kuchokera m'khitchini ngati nyumba yapsa. Anandiitana, anandiuza kuti nditsinzine, n'kundigwiritsa awa ndi awo, awa ndi awo, mpaka nditadziwa kusiyana kwake. Anati ofewawa kumapiri a kwawo ngakhale mbuzi zimawalambalala, amaimitsa mtima. Ndinati nanga mukusungiranji? Anati njuchi zimawakonda." Anakhala pansi pa sitepe. "Sakanasokoneza, mayi. Ndi manja aja, sakanasokoneza."

"Apolisi munawauza?"

"Anandifunsa ngati ndinaona munthu wachilendo. Ndinati ayi. Za masamba sanafunse."

* * *

Ndinabwerera wapansi, ndipo ulendo wa mphindi khumi unanditengera theka la ola. Ndisaname, maganizo oipa anandibwerera. Mapiritsi apezeka, nkhani ya apolisi yagwa. Ndikanangotseka pakamwa, mwina akanamusiya mwanayo osadziwa chimene manja ake anachita. Koma ndimawadziwa anthu a ku labotale yoyeza magazi. Tsiku lina adzayeza mozama, adzapeza kuti si piritsi, adzapita kumunda kuja, ndipo adzafunsa kuti anathyola ndani, anaphika ndani, nanga anabisiranji. Pamenepo ngakhale mawu a Shaheen sadzamuthandiza.

Ndinalinso ndi mkwiyo. Ndinakwiyira munthu wakufa amene sindinamuonepo.

Anganile ndinamupeza m'khitchini akusita. Anali atasita mayunifomu ake onse, ngakhale kuntchito anamuimitsa, ndipo tsopano anali pa nsalu zanga za patebulo.

"Zimitsa simbiyo. Khala apa."

Ndinayamba ndi nkhani ya wailesi. Anaseka, kenako analira, kenako anasekanso. "Bambo Razak! Ndipo ankanditsegulira pakamwa, aaa, ngati mwana!" Ndinamusiya asangalale pang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti chimwemwecho n'chachifupi.

"Tsopano undiuze zoona. Lachinayi unawaphikira chiyani?"

Anazyolika. "Ndinalemba mu buku. Vegetables ndi buledi."

"Sindikufunsa za buku. Masamba ake ati?"

"Anti, care plan, malamulo a kuntchito aja, imati tizingotenthetsa za mu fridge. Za kumunda n'zoletsedwa. Akanadziwa ku office akanandichotsa ntchito, ndiye visa yanga..."

"N'chifukwa chake apolisi sunawauze."

Anagwedeza mutu. Kenako zonse zinatuluka. Mwezi wake woyamba, akuti, anawapeza mayi Bonaria atakana chakudya cha m'mapaketi masiku atatu. Mayiwo anamutuma kumunda, anamuuza chothyola, anamuuza kaphikidwe. Atalawa chikoriya chija chinamukumbutsa chisoso, ndipo analira ataimirira pachitofu. Mayiwo anamuuza kuti nawonso anakula ndi masamba a m'phiri, nkhondo itangotha, ufa kulibe. Kuyambira tsikulo ankadyera mbale imodzi, chitseko chili chotseka, wina akutchula dzina la kwawo, wina la kwawo.

"Boraji unkamudziwa?"

"Kwambiri. Amabaya. Ndinkadandaula, iwo n'kumandiseka kuti manja anga ndi a muofesi."

"Nanga Lachinayi unavaliranji magolovesi?"

"Anandiuza okha. Anati lero vala, manja ako aphulika ndi sopo, ungapweteke." Anamwetulira pang'ono. "Ndinadabwa, koma ndinati mwina akundimvera chisoni poti tikusiyana."

"Unathyola kuti?"

"Kukashedi. Anati wa kukhoma wakhwima, wanthete ali uko."

"Unaphika bwanji?"

"Ndiye zinandisangalatsa zimenezo, anti. Miyezi yonseyi ndinkawapempha kuti tsiku lina nditendere, alawe za kwathu. Ankakana, ankati mtedza ndi wa anyani, masamba amafuna mafuta a olivi basi. Koma Lachinayi anati lero phika mwa kwanu, uthire nsinjiro zambiri. Ndinali nazo m'chikwama, zija munabwera nazo."

Nsinjiro zanga. Ndinazinyamula ndekha kuchokera ku Ntcheu. Ndipo palibe chimene chimabisa kuwawa kwa masamba kuposa nsinjiro, mayi aliyense wa kwathu amadziwa. Mayi Bonaria anazimva kwa Anganile yemweyo.

"Unalawa?"

Apa kumwetulira kunatha.

"Ndinatenga supuni kuti ndimve mchere. Anandimenya padzanja ndi ndodo. Supuni inagwa." Anagwira padzanjapo. "Sanandimenyepo chiyambire. Anati lero ndi zanga ndekha, iwe ukadye kwanu. Zotsala anandiuza nditaye mu bin ya panja, poto nditsuke kawiri, akundiyang'ana. Belu lawo anandiuza ndiwavule, likuwakanda m'khosi, avala ndikapita." Anandiyang'ana m'maso. "Anti, mwapeza chiyani kumunda kuja?"

Ndauzapo mabanja ambiri kuti wodwala wawo watisiya, ndipo ndimadziwa kuti kuzungulira kumangowonjezera ululu. Ndinamuuza mwachindunji. Ndinamuuza za masamba ofewa, za phesi louma, za Shaheen atatsinzina pampanda. Sanandidule mawu ngakhale kamodzi.

Nditamaliza anaimirira, anapita pasinki, anatsegula madzi, n'kuwatsekanso osasamba.

"Ankadziwa," anatero.

"Ankadziwa."

"Anakonza zonse. Magolovesi, nsinjiro, poto." Anatembenuka, maso ali psuu. "Anaganiza zoti ndisalawe. Anaganiza zoti nkhandwe zingatsegule bin, anandiuza ndiikepo njerwa. Nkhandwe, anti! Koma zoti apolisi adzagogoda pakhomo pa ndani, sanaganize? Chithunzi cha mwana wanga chili pa fridge yawo. Anachimata okha."

Mwina anayesa kuti nkhalamba ya zaka 86 ikafa palibe amene amayeza magazi. Mwina anaganiza, n'kuona kuti benchi ya ku Loughborough ikuwaopsa kuposa zimene zingagwere mwana wa eni. Sindidzadziwa, ndipo sindinafune kumunamiza.

"Tamvera," ndinatero. "Tikapita tokha lero, ndi loya, Shaheen n'kunena zimene anaona, uli ndi mwayi waukulu. Ntchito mwina itha. Mwina adzafunsa ngati munapangana. Sindikulonjeza kanthu. Koma akakazipeza okha, palibe adzakukhulupirire."

"Ndipita," anatero. "Imbirani loya."

Ndinaimba. Loya anati tikumane pakhomo la polisi pakatha ola limodzi, ndipo Anganile asatsegule pakamwa iye asanafike. Shaheen anayankha foni isanalire kawiri, anati akuvala nsapato.

Anganile anavala jekete, anamanga zingwe za nsapato, anatenga pasipoti yake m'dirowa osauzidwa. Tinafika mpaka pachitseko. Pamenepo anaima, dzanja lili pachogwirira, osatsegula.

"Anamaliza mbale yonse, anti," anatero, osandiyang'ana. "Milungu itatu ankangotola pang'ono n'kukankha. Tsiku limenelo anapukuta mbale ndi buledi. Ine nditakhala pafupi, ndikuwalimbikitsa, idyani mayi, idyani, kwatsala pang'ono. Supuni ziwiri zomaliza dzanja lawo linkanjenjemera, ndinawadyetsa ine."

Ndinamugwira paphewa. Linali gwa ngati thabwa.

"Atamaliza anandigwira dzanja, anati zikomo. M'Chichewa. Ine ndinati mwaona, ndinkakuuzani kuti za kwathu n'zokoma, mawa ndiphikanso." Anafinya chogwirira chija. "Ndinaimba nyimbo m'basi, anti. Njira yonse."